Kansalu ka Buluu pa Matumba a Nshawa

Lachitatu, 16 Ogasiti 1995

Lero ndinadzuka mtima uli mbee, ndikung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ndikadadziwa za masana, ndikadanama kuti mutu ukundipweteka.

Ndiyambe poyambira. Holide ino ndikugwira ganyu ku shedi ya nshawa (ena amati mtedza) kuno ku Chipata, kuti ndipeze nsapato ndi sopo wa temu yamawa. Malowo anandipemphera ndi azakhali anga, amene akhala akusankha nshawa kumeneko kuyambira ndili wakhanda. Anauza akapitao kuti, “Ndi mwana wa kwa masisitere uyu, sangakuchititseni manyazi.”

Ntchito yake ndi iyi. Timakhala pamphasa n'kumachotsa nshawa zowola, mphwephwa ndi timiyala. Thumba likadzaza, aliyense amamanga pakamwa pake ndi kansalu kakekake kuti mwini adziwike. Ine ndinang'amba yunifomu yanga yakale ya buluu. Kenako thumba limapita kwa woyesa, amene amapisa dzanja mpaka m'chigongono. Akatulutsa zowola, thumba limabwerera kwa mwini wake.

Woyesayo ndi Damiano, mnyamata wa ku Chiparamba, wa mpata pamano. (Mpatawo sindinauyang'ane dala. Unangopezeka pamene ndinkayang'ana.) Anayamba ndi kundipatsa nzimbe. Kenako anati njinga yake imayenda bwino pakaliyala pakakhala munthu. Sabata isanathe ndinali nditavomera zimene anandifunsa, ndipo tinapangana kuti kuntchito asadziwe aliyense.

Tsiku lina, ndikumupatsa thumba, anandinong'oneza kuti, “Ako sindiyesa. Manja ngati awa angasiye chowola?”

Ndinadziwa kuti si bwino. Thumba la amake Rute, amene amakhala pafupi nane, linali litabwerera kangapo tsiku lomwelo. Koma ndinangomwetulira, ine amene ndimakhala woyamba pa phunziro la chipembedzo.

M'mawa mwake amake Rute anandisendera.

“Asukulu, kansalu kanu n'kokongola. Tigawireniko, ndikamusokere Rute kachidole.”

Ndinawang'ambira. Amake Jesi anati akufuna chigamba cha kabudula wa mwana. Ena anati chala chawo chatemeka. Pofika Loweruka, pa yunifomu yonse panatsala kolala yokha, ndipo ine ndinkadziona ngati ndikuchita ntchito zachifundo.

Matumba a buluu anayamba kuchuluka pakona. Damiano anati, “Iwe ndiwe makina.” Akapitao anandiyamikira pamaso pa onse, amayi aja n'kuwomba m'manja mwamphamvu kwambiri. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinati mwina chikondi chimafulumizitsa manja. (Ndipo masamu ndimakhoza.)

Ndiye lero kunabwera bambo wina wogula nshawa, wochokera ku Lusaka ndi lole yake. Akapitao anamutengera pakona paja monyadira.

“Tsegulani la buluu lililonse, bwana. Ndi a mwana wa sukulu awa.”

Anakhuthula loyamba pasimenti. Makoko, mphwephwa, timiyala, mpaka chitsononkho cha chimanga. Lachiwiri munatuluka khoko la nthochi. Ndinatsala pang'ono kufuula kuti si anga, koma anamasula lachitatu, ndipo ndinazindikira kamangidwe kanga. Linali langadi, ndipo zowola zinalimo zokwanira. Munthu sungasankhe nshawa maso ali kukhomo kumene kwaima woyesa.

Mlendo uja anapukuta m'manja, nati abweranso zikakhala nshawa. Akapitao anatembenuka pang'onopang'ono.

“Damiano, dzanja lako linalowa m'matumba awa?”

“Silinalowe, bwana. Mlandu ndi wanga.”

“Linali kuti?”

“Pa handulo ya njinga,” anayankha motero amake Jesi kumbuyo, shedi yonse n'kufa nazo. Chinsinsi chathu chija, kani amachidziwa ndi alonda omwe.

Akapitao sanaseke. Anandiuza kuti nditenge mpango wanga ndizipita, ndipo ndisabwerenso. Ndinaganiza za nsapato zanga zong'ambika, kenako za azakhali, amene anandiikira umboni ndi pakamwa pawo. Misozi inangoyamba yokha.

Azakhali anaimirira, nakung'untha chitenje chawo.

“Akapitao, pepani, ndifunseko kamodzi. Amake Rute, chidole chija chinatha kusokedwa? Tikufuna tichione.”

Amake Rute anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana ine ndikulira. Anamasula mfundo ya chitenje chawo, natulutsa tinsalu ta buluu todzaza dzanja.

“Mwanayu musamuchotse yekha, akapitao. Ife tinangoona kuti ena amanga mlatho, ndiye tinati tiwolokepo nafe.”

Mmodzimmodzi, tinsalu tinayamba kutuluka m'mipango ndi m'matumba a madiresi. Yunifomu yanga yonse inabwerera pasimenti paja. Akapitao anaona kuti akachotsa olakwa atsala ndi azakhali okha. Analamula kuti matumba onse a buluu tiwasankhenso tonse popanda malipiro, Damiano apite konyamula matumba kukweza m'malole, ndipo woyesa akhale azakhali. Amayi aja anabuula. Azakhali amapisa mpaka m'phewa.

Pobwerera kunyumba tinayenda pansi. Ndinkadikira kukalipiridwa, koma iwo anangondipatsa mbatata yootcha.

“Mnyamata uja sananame, chimenecho ndamupatsa,” anatero. “Koma akadakufunira zabwino, akadakubwezera thumba tsiku loyamba. Ndipo iwe ukadamufunira zabwino, ukadamugwira dzanja n'kulilowetsa wekha m'nshawamo. Taona lero wasenza matumba chifukwa cha ndani.”

Ndinamuonadi tikuweruka, fumbi lili mbuu m'tsitsi, akutikita phewa. Anandimwetulirabe.

Mawa ndilawirira. Ndikapepesa kwa akapitao, ndikapepesanso kwa Damiano. Matumba ndizimanga ndi luzi, ndipo wondipempha luzi ndizimulozera kutchire. Pamphasa ndikhala moyang'ana khoma. Pakaliyala sindikweranso mpaka holide ithe, ndiziyenda pansi. Koma iye akatsika n'kumakankha njinga pambali panga, msewu si wanga.