Makadi a pa Ukwati wa Asiyatu

Lolemba
Komiti ya ukwati wa mlongo wanga Asiyatu yandipatsa ntchito yokonza makadi oika pamipando. Mayina onse ndawaika kale mu fayilo ya pakompyuta yotchedwa XML: dzina la banja pamwamba, anthu ake m'munsimo, kenaka banja lina. Chatsala n'chakuti dzina lililonse licheuke, lione banja limene lili pamwamba pake, zonse zituluke pakhadi. Ntchito ya XSLT imeneyo, njira yolamulira kompyuta, ndipo ndakhala ndikuiphunzira pafoni. Mtima uli dyokodyoko! Anthu aku Nkhudzi, kwawo kwa mkwati, adziwa kuti kuno kuli mutu.

Lachiwiri
Mawu ake ndi preceding-sibling, kutanthauza abale amene atsogola. Kukoma kwake! Ndayesa. Yagwira, koma yatenga banja loyambirira lenileni n'kupatsa aliyense. Tsopano akuchimuna onse, ophika, ngakhale a shehe, ndi a banja la amalume anga, Che Jafali. Amalumewo asuzumira pa laputopu. Akuti, "Isiye choncho, mphwanga."

Lachitatu
Ndawonjezera [1] kuti izitenga banja loyandikira. Zatheka! Ndavina ndekha pakhonde mpaka nkhuku zathawa. Nzeru ina yabwera pomwepo: okwatirana akhale pakhadi limodzi. Mayi aliyense azitenga dzina la bambo amene ali pamwamba pake. Mapepala apulumuka, ulemu uchuluka.

Lachinayi
Magetsi kulibe. Kabaza mpaka kuboma, laputopu pamsana. Ndasindikiza zonse pa pepala lolimba lamaluwa, lomaliza m'shopumo. Kuwerenga sindinawerenge, ndimangosisita.

Lachisanu
Tabwerako kumzikiti ku mapemphero a Juma, amayi anga akuwerenga makadi. Andipatsa atatu.
Kompyuta sidziwa kuti kuli amayi osakwatiwa. Aliyense yamupezera bambo woyandikira pamwamba. Pa dzina la amalume, amene ali ndi mkazi mmodzi, Abiti Saidi, yawonjezapo:
aphunzitsi a Asiyatu,
nesi wa ku Monkey Bay,
Abiti Mussa, amasiye ogulitsa usipa.
Amayi akuti, "Mlongo wanga wamukwatitsa liti?" Kenaka aseka mpaka kukhala pansi. Pepala lina kulibe. Makadi atatuwo ndawabisa mu envulopu yapadera. Nkhani yatha.

Loweruka
Siinathe. Lero ndiye tsiku la ukwati. Okongoletsa holo atenga maenvulopu onse awiri. Ndikulowa, ndikupeza amalume ali pakati, amayi awiri uku, awiri uku, thukuta kamukamu. Nesi akujambula khadi lake. Aphunzitsi akuyang'ana kudenga. Abiti Mussa akuwathirira amalume madzi osamba m'manja. Abiti Saidi alankhula holo yonse ikumva: "Akazi anayi n'zololedwa, inde. Koma onse tsiku limodzi, ine osauzidwa?" Akuchimuna aombera m'manja, akuyesa ndi sewero la komiti. Asiyatu waseka mpaka zodzola zasungunuka. Ine ndathera kuseri kwa zokuzira mawu.

Lamulungu
Ndakonza. Tsopano mayi amatenga bambo pokhapokha ngati ndalemba kuti ndi wake. Ikugwira bwinobwino, lero, mipando itabwezedwa kale. Amalume agona kwa mnzawo kudoko. Mawa andituma kwa Abiti Saidi ndi chambo chachikulu, kukafotokoza kuti wolakwa ndi preceding-sibling. Sindikudziwa kuti ndikayambira pati.
Ndapita kukatolera makadi aja. Nesi ndi aphunzitsi abweza. Abiti Mussa akana. Akuti lawo alimata kale pakhoma, ndipo amalume akapuma abwere adzakambirane.