Mtedza Unandibwezera pa Sikelo

Ndinadandaula koyamba Lolemba loyamba la Okutobala, chaka chimene ndinakwezedwa kukhala kalaliki wa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Kope la kalata yodandaulayo ndikadali nalo, koma sindilionetsa kwa alendo.

Nkhani inali khungu. M'khosi ndi kuseri kwa manja ndinada ngati ndapsa ndi moto, kenaka ndinayamba kufundula. Ndinalembera ofesi kuti vuto ndi yunifolomu yakhaki imene anandipatsa. Sanayankhe. M'kalata yachiwiri ndinaloza sopo. M'yachitatu ndinatchula dzuwa (kaya ndinkafuna bwana alisunthe, kaya).

Tsono ndiulule chimene sindinalembe. Chikwezedwere, ndinaleka kudya nyemba ndi mtedza za phoso limene esiteti inkatigawira. Ndinkati n'zakudya za othyola masamba. Kalaliki weniweni adye ufa woyera mbee, atsitsire ndi tiyi wa shuga wambiri. Mayi akunyumba anali kwawo ku Goliati kokachira, choncho panalibe wondiletsa uchitsiru.

Tsiku lina masana, mayi wina wothyola anakana kundipatsa dengu lake.

"A kalaliki, musandigwirire masamba anga. Limenelo ndi khate."

Mzere wonse unabwerera m'mbuyo. Kapitawo anathamangira ku ofesi, ndipo bwana anati ngati lilidi khate, ntchito yanga yathera pomwepo. Mwana wanga woyamba anali atangobadwa. Ndinapita ku dispensale, makope a makalata atatu aja ali m'thumba.

Wothandiza adokotala, a Mulipa, sanawerenge ngakhale imodzi. Anandiyang'ana khosi, nandibaya pang'ono ndi singano. Ndinalumpha.

"Mukumva kuwawa? Si khate. M'mimba mukutsegula?"

Ndinavomera chapansipansi.

"Ndiwo mumadya zanji, achimwene?"

"Ine ndine kalaliki," ndinayankha.

"Ndafunsa ndiwo, sindinafunse udindo."

Ataseka mokwanira, anandifotokozera. Anati m'zakudya zomanga thupi muli tizigawo totchedwa ma amino asidi. Kena mwa ito ndi tiriputofani. Chiwindi chimakatenga n'kukasintha sitepe ndi sitepe, mpaka kasanduke vitamini wotchedwa nayasini, amene khungu, matumbo ndi ubongo sizingagwire bwino ntchito popanda iye. M'chimanga kameneka n'kochepa, ndipo nayasini amene alimo thupi limavutika kumutulutsa. Matenda akewo amati pelagira.

"Tsamba laliwisi limalowa m'fakitale umo, lifote, lipotedwe, liumitsidwe, lituluke tiyi," anatero a Mulipa. "Fakitale yanu ili bwinobwino, koma mwini wake analetsa masamba pageti."

Anandipatsa mapiritsi ndi chipepala cholembedwa kuti: mtedza, nyemba, usipa, tsiku lililonse. Phoso langa la mwezi umenewo ndinali nditagawira ena kale, motero ndinakapempha mtedza kwa mayi yemwe uja anakana dengu. Anandipatsa chodzaza chipewa, osanyoza.

"Idyani, mwanawe. Ifenso tinazionapo chaka cha njala."

Patapita masabata ochepa khungu linabwerera, ndipo ndinaimanso pa sikelo, mtedza uli m'thumba la malaya. Bwana analonjeza kundilembera kalata yotsimikiza kuti silinali khate, chifukwa apongozi anali atamva kale mphekesera, nakaniza mayi akunyumba ndi khanda kubwera.

Kalata ya bwanayo sinabwere. Mayi akunyumba anangobwera ndi khandalo, atatopa kudikira. Khandalo lero lili ndi zidzukulu. Komabe lonjezo ndi lonjezo. Ndikupempha mwaulemu ofesi ya esiteti kuti indiyankhe nkhaniyi molemba, pa pepala la kampani, ndi chidindo.