Nkhuku Zisanu ndi Ziwiri, Metangula Osafikako

Lolemba

Feriya yayamba! Sabata yathunthu popanda ofesi, popanda shefi wondilamula. Ndadzuka 4 koloko, chisanu cha Lichinga chikuluma zala, koma ine ndikuimba nyimbo.

Tikupita atatu: ine, Amina, ndi Joana mwini galimoto. Amina ndi mnzanga kuyambira tili ana kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, tinkafunda bulangete limodzi. Chibwerereni kuno takhala tikunena kuti tidzapita ku Metangula tikasambe m'nyanja, opanda ana, opanda amuna. Zaka makumi atatu kumangonena pakamwa. Tsopano amusamutsira ku Nampula pa ntchito yake ya unamwino, akunyamuka Lamlungu. Ikatiphonya sabata ino, basi.

Dongosolo ndalemba ndekha, mizere yake ndi rula:
Lolemba: Metangula, kugona kwa msuweni wa Joana.
Lachiwiri: kusamba, nsomba, zithunzi.
Lachitatu ndi Lachinayi: Cobué, kukaona tchalitchi chakale chija.
Lachisanu: kubwerera, kuima paliponse pokongola.

6 koloko tili m'galimoto. Amina wangoyamba kundiuza nkhani ina, n'kuidula yekha: "Mana, m'bale wanga, tingodutsa kwa amjomba nditsanzike. Sinko minutu basi." Mphindi zisanu, ndingakane bwanji? Munthu sachoka pamalo ngati wakuba. Komanso amjomba akewo, alongo a amayi ake, ali konkuno ku Sanjala.

Moni wa aliyense payekhapayekha. Andifunsa za amayi anga, omwe anakumana nawo dzulo pamsika. Kenako ndikumva phokoso kuseri kwa nyumba: nkhuku ikuthamangitsidwa. Ndikumugunda Amina ndi chigongono, iye akuyang'ana pansi. Joana wavula kale nsapato!

Tadya 2 koloko. Amjomba: "Msewu wa kunyanja sayamba dzuwa litapendeka. Mugona."

Tikugona. Denga la nyumba yanga ndikuliona pawindo.

Lachiwiri

Lero palibe chocheukira. Ndawonjezera muvi padongosolo, zonse zasunthira kutsogolo tsiku limodzi.

Potiperekeza, amjomba akweza thumba la nyemba m'galimoto. "Mukasiye kwa azakhali ake ku Lulimile, ndi panjira pomwepo." Si panjira. Ndabadwa dzulo ine? Koma mawu a munthu wamkulu sawabweza.

Ku Lulimile ndauza onse momveka: titsitse thumba, tipereke moni titaimirira, tizipita. Azakhali atuluka, amuyang'ana Amina kuchokera kumutu mpaka kuphazi. "Ndamva kuti kwa mjomba wako unagona. Kuno ndiye waona kuti kuli nsikidzi?"

Nkhuku yachiwiri.

Joana ndi mdani amene ndadzitengera ndekha. M'malo mondithandiza akuyamikira msuzi, akufunsa kuti anathiramo chiyani, azakhali n'kuyamba kufotokoza kuyambira pomwe anagula mbewu ya tomato. Pamene ine ndikuloza wotchi, iye akupempha chipapiko.

Tagona pamphasa, kapulana wanga watsopano, chitenje chimene ndinagulira kunyanja, ndafunda chifukwa cha kuzizira. Amina ali pambali pangapa koma sitinalankhule chilichonse cha ife. Ana a azakhali anayi ali pakati pathu.

Mphatso za lero:
mbatatesi, theka la thumba
tambala wamoyo mmodzi, wokalamba, maso ake a ndewu
kalata yokasiya kwa wina amene "ali panjira pomwepo"

Cobué ndamufufuta. Tchalitchicho chaima zaka zonsezi popanda ine, chipitirize.

Lachitatu

Mbiri yafala. Lichinga yense wadziwa kuti Amina akutsanzika ndipo akuyenda pa galimoto. Foni yake ikulira ngati ya nduna.

Okwiya mpaka pano:
apongozi ake, poti anayambira kwa azakhali
amayi ena amene anawachiritsa bala la mwendo
mkazi wa amjomba wamkulu, poti Lolemba tinadya nkhuku ya mkazi wamng'ono

Makomo atatu tsiku limodzi: apongozi, amayi a bala, ndi mwini kalata ija. Nkhuku zitatu! Khomo lililonse mawu ake ndi omwewo: sinko minutu. Ndayamba kuwada mawu amenewa. Khomo lachitatu ndayesa kunena kuti takhuta, mayi wa nyumba wandiyang'ana ngati ndatukwana manda a kwawo. Ndadya. Zipi ya siketi yanga yatsanzika nayonso.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife ndiye tasanduka chithaphwi.

Tambala uja akuyenda nafe khomo ndi khomo, kumbuyo, pa chikwama changa. Wadziwa Lichinga kuposa a njinga zamoto. Wandijompha kawiri, ndipo zimene wachita pa chipewa changa cha dzuwa sindilemba m'buku lino.

Msuweni wa Joana waimba kuchokera ku Metangula. Akuti nsomba zimene anatigulira Lolemba adya okha, zinali zokoma.

Lachinayi

Ndagona ndikuganiza, ndadzuka ndi nzeru. Malamulo atsopano:
1. Injini isazime.
2. Nsapato zisachoke kuphazi, makamaka za Joana.
3. Wina akati "lowani", tonse titsokomole, tinene kuti tili ndi chimfine choopsa.

Latsala khomo limodzi lokha, Amina walumbira. Kwa Abiti Saidi, mayi amene anamubereka kumbuyo podutsa malire nthawi ya nkhondo, amayi ake atadwala panjira. Pamenepa sindingatsutse. Nanenso anandipatsapo phala kumsasa.

Tafika, injini ikulira, tikutsokomola ngati mbuzi. Abiti Saidi atimvetsera mpaka tamaliza. Kenako alowa m'nyumba, atuluka atafunda mpango, atsegula chitseko cha kutsogolo cha galimoto, akhala pampando wanga. "Poti kulowa simulowa, ndikuperekezani pang'ono. Mlendo sachoka yekha."

Tayenda nawo. Tadutsa msika, tadutsa nyumba zomalizira, tafika pomwe msewu wa ku Metangula umayambira. Kwa nthawi yoyamba sabata ino galimoto yaloza kunyanja! Pomwepo Abiti Saidi: "Apa pakwana, ana anga. Ndibwerere."

Abwerere bwanji? Munthu wa ndodo, miyendo yotupa, timusiye pamsewu? Tatembenuza galimoto. Tikufika pakhomo pawo, nkhuku ili kale pamoto. Anasiya atalamula mpongozi wawo asanakwere. Mayi ameneyu anapulumuka nkhondo, ine ndimati ndimupusitsa ndi chimfine.

Kwa chimfine chathucho atiphikira masamba owawa, ayima pompo mpaka tamwa.

Lachisanu

Tsiku lomaliza lotheka. Tikanyamuka lero, tikagona usiku umodzi, tikaponda madzi, tijambulitsa chithunzi chimodzi. Chimodzi chokha, Mulungu wanga, sindikupempha zambiri.

M'mawa sitinganyamuke. Lero ndi Ijumaa, amjomba akufuna kumuchitira Amina duwa, pemphero la ulendo, akatuluka kumzikiti. Duwa yatha bwino. Mkazi wamkulu uja wapezerapo mpata wobwezera. Nkhuku yachisanu ndi chiwiri.

3 koloko tanyamuka, akuti dzuwa lapendeka koma ndadzipangitsa kugontha. M'galimoto muli:
nyemba matumba awiri, sindikudziwa kuti lachiwiri ndi la ndani
mbatatesi
mtolo wa nzimbe wotulukira pawindo
mphasa
tambala
ife, mmene tatsalira malo

Tatuluka m'tauni! Joana akuimba, Amina akuseka, mphepo ikununkhira paini. Ndatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Theka la ola silinakwane, pa chitunda, phuu! Tayala.

Palibe vuto, tili ndi lapadera. Ndatsegula kumbuyo, ndafukula nyemba, ndafukula mbatatesi. Joana akukanda m'mutu: "Ndinalisiya kwa amjomba Lachiwiri. Thumba silimalowa."

Apa ndaphulika. Ndamulalatira Amina pakati pa msewu, mitengo ya paini ikumvera. Ndati watsanzika Lichinga yense mpaka nkhuku zatha m'makola, ine amene ndinatenga feriya chifukwa cha iye ndangokhala wonyamula tambala. Ndanenanso zina zosafunika kuzilemba.

Iye sanakweze mawu. "Mana, anthu awa ndi okalamba. Mmodzi akamwalira ndili ku Nampula, ndisanamutsanzike, pamaliro ndidzabwera ndi nkhope yanji?"

Ndinafuna kufunsa kuti nanga ine.

Malo amene taona pa ulendo uno: mitengo ya paini, maola awiri. Joana watsala ndi galimoto kudikira tayala. Amina wakwera njinga yamoto ina, ine ina. Pofika pakhomo ndazindikira kuti tambala ali m'khwapa mwanga.

Loweruka

Ndili kwanga. Tambala wandidzutsa kusanache, ndamumanga mwendo pa mtengo wa mapeyala.

Ndamasula chikwama. Chovala chosambira chouma, kapepala ka mtengo wake kadakali pomwepo. Mafuta odzola padzuwa osatsegula. Dongosolo lija ndayatsira mbaula, lagwira ntchito koyamba.

Joana watumiza zithunzi za ulendo. Mbale, mbale, mbale, Abiti Saidi pampando wanga, mbale, tayala. Palibe n'chimodzi chomwe chimene ine ndi Amina tili limodzi. Pansi pake walemba kuti feriya yokoma chonchi sanaionepo. Ndimusiye, wanenepa.

Lero limayenera kukhala tsiku lomuthandiza Amina kumanga katundu. Sanandiitane, inenso sindinapite. Foni ndayiyang'ana kambirimbiri, ili zii. Ndayamba kulemba uthenga katatu, ndafufuta katatu. Ayambe ndiye. Ayi, ndinalalata ndine. Komabe ayambe ndiye.

Chikundiwawa si nyanja ayi, nyanja sithawa. Makomo asanu ndi awiri wafikako, amayi a bala la mwendo omwe wawatsanzika. Pakhomo panga pokha sanaponde. Mawa 9 koloko lole ya katundu wake inyamuka naye, ndipo mawu anga omaliza kwa iye adzakhala a tambala.

Madzulo ndamwa tiyi ndi buledi. Nyama sindikufuna kuiona mpaka Khirisimasi.

Lamlungu

Kutchalitchi sindinapite, mutu. Ndikusesa pakhomo pomwe pali poyera kale.

8 koloko: "Odi!"

Amina, atavala za paulendo, kachikwama m'manja. Waima pa geti, sakulowa. "Mana, ndabwera kudzatsanzika. Ndinakusungira pomaliza, poti kwa iwe sindikudziwa ponenera. Lole ikudikira pamsika. Sinko minutu basi."

Ndinakonza mawu ambiri usiku, okhululuka ndi opepesa. Zimene zatuluka pakamwa panga ndi izi: "Vula nsapato."

Wandiyang'ana. Ndamuyang'ana. Tonse tacheukira kumtengo wa mapeyala.

Tambala wadula chingwe, wandithamangitsa, kenako ndamuthamangitsa ine, kuzungulira nyumba katatu, munthu wa zaka zanga. Amina ali pamphasa akuseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa ngati yonseyo inali ya kuseka.

Tsono Amina sadya nkhuku yosazinga, iyenera kuzingidwa ndi Msilamu. Che Daudi, Msilamu woyandikana nane, ndikuwamva akutsokomola kuseri kwa mpanda. Ndamuuza Amina kuti achoka, apita kumudzi. Nayenso wamva kutsokomolako, koma wangogwedeza mutu kuvomera. Ndapita wapansi kwa amjomba ake, tambala m'khwapa, osafulumira. Amjomba azinga, andipatsa mpeni ndiwagwirire, akuseka m'ndevu: "Tsopano mwadziwa, mwana wanga."

Dalaivala wa lole waimba kanayi. Kachisanu ndayankha ndine. Ndamuuza kuti msewu wa ku Nampula sayamba munthu asanadye, ndipo ngati ali ndi njala abwere, mbale ilipo.

Metangula sitinafike. Mwina sitidzafikako. Feriya yatha, mawa ofesi, siketi sikundikwana. Amina apita, lero kapena mawa, ndingatani ine.

Ali m'khitchini akusenda mbatatesi za azakhali ake, akundiuza nkhani imene anaiyamba Lolemba. Tambalayu ndi wokalamba, nyama yake imafuna moto wambiri. Pambaula ndaikapo makala atatu okha.