Kalongonda wa asewere m'ndege

Anzanga a kumpingo akandifunsa za ulendo wanga wa ku Mangalande, ndimayankha kuti Mulungu anatisunga. Yankho limeneli ndi loona, koma si lokwanira. Chimene sindinena n'chakuti ine, mayi wamsinkhu uno, wosalawapo mowa chibadwire, ndinatuluka m'ndege ija ndili pa njinga ya odwala, nyimbo ili pakamwa.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino kumeneko, ndipo mwamuna wake ali konko. Mwana wawo, Tamanda, anamusiya m'manja mwanga atangoleka kuyamwa. Atakwanitsa zaka zitatu makolo ake anandipempha kuti ndimuperekeze kumeneko. Za kamba wa panjira mayi ake anandilangiza pa foni mobwerezabwereza: zouma, zochepa, zosanunkha. Ndinamvera. Ndinakazinga zitumbuwa zing'onozing'ono zoti mwana agwire ndi dzanja limodzi, ndinaotcha mbatata n'kuiduladula, ndinasankha nthochi zosapsetsa, zonse n'kuzilongeza m'zigoba za majalini zotsukidwa bwino.

Apa ndiyenera kunena za asewere anga, mayi a mkamwini wanga. Iwo ankathyola tiyi pa esiteti yomwe malemu amuna anga anali kalaliki wa mu ofesi, ndipo kusiyana kumeneku sikunachoke pakati pathu ngakhale ana athu atakwatirana. Pa chinkhoswe anandipatsa kalongonda, nyemba zimene Alomwe amazinyadira, zophika tsiku lathunthu uku madzi akutayidwa kangapo kuti ukali wake uchoke. Ine ndinakana mwaulemu, poopa mimba yanga. Iwo anaona ngati ndawanyoza. Kuyambira pamenepo moni wathu unali wa anthu okumana pa mzere wa kuchipatala.

M'mawa wa tsiku la ulendo anatulukira pa kabaza kuchokera ku Luchenza, atafukata bakuli lokutidwa ndi nsalu.

"Asewere," anatero, "mdzukuluyu ndi wanganso. Sangawoloke nyanja osalawa chakudya cha kwa bambo ake. Kapena chathuchi n'chosayenera m'ndege?"

Funsolo linali ndi minga. Ndinalandira bakuli ndi manja awiri. "Palibe nyemba imodzi imene idzatayidwe," ndinalonjeza. (Sanandiumirize kulonjeza chotere. Pakamwa panga panangothamanga pokha.)

Ku bwalo la ndege la Chileka mnyamata wofufuza katundu anavundukula bakuli, n'kundiyang'ana. "Agogo, kwanu ndi ku Thyolo, eti?" Anatsekanso akuseka, n'kundilola kudutsa. Ndikanakonda akanandilanda.

Ulendo wa ndege yoyamba unali waufupi, ndipo Tamanda anadya zitumbuwa ndi nthochi popanda vuto. M'ndege yachiwiri, ya ulendo wautali, ndinaona kuti nthawi yokwaniritsa lonjezo yakwana. Ndinamupatsa nyemba imodzi. Anaitafuna, nkhope n'kuikwinya, n'kuilavulira m'dzanja langa.

"Agogo, zowawa. Ndikufuna za antiwo."

Anali kuloza mtsikana wogwira ntchito m'ndege, amene ankagawa timbale tokutidwa. Mwana amene kunyumba ndinkamuthamangitsa ndi supuni bwalo lonse anadya mpunga ndi nkhuku ya eni ake mpaka kunyambita zala, kenaka n'kugona. Mumtima ndinapepukidwa, pakuti kunena zoona sindinkafuna kuti kamimba kake kakumane ndi kalongonda. Ndinaganiza kuti bakuli ndikalipereka kwa mkamwini, adye za mayi ake.

Ndinatchula maganizo amenewa kwa bambo wina wa ku Zambia amene anakhala pafupi nane. Iye anapukusa mutu. "Amayi, ine ndimayenda njira ino kawirikawiri. Chakudya chachilendo chotere akachiona polowa m'dziko lawo, amaponya m'bini inu mukuona."

Sindikudziwa ngati ankanena zoona. Chimene ndinaona m'maso mwanga ndi kalongonda wa asewere ali m'bini ya azungu, ndi ine ndikubwerera kwathu kukawanamiza kapena kukawauza zoona, zonse ziwiri zoipa. Ndinapempha bamboyo kuti andithandize. Analawa, n'kunena kuti ali pa mankhwala. Choncho ndinapemphera, ndinatenga kasupuni kapulasitiki, n'kuyamba. Ndinadya mwadongosolo monga ndichitira ntchito iliyonse, mpaka pansi pa bakuli panaoneka.

Poyamba ndinangomva kutentha m'makutu. Kenaka mipando inayamba kupendekeka, ndipo mtima wanga unadzaza ndi chikondi cha anthu onse a m'ndegemo. Ndinafotokozera bambo uja mbiri ya banja lathu kuyambira pa agogo. Ndinagwira dzanja la mtsikana wa timbale uja n'kumufunsa ngati ali pa banja, popeza ndili ndi mwana wa mchimwene wanga wophunzira bwino. Pomaliza, akuti, ndinayambitsa nyimbo ya chigwirizano cha amayi, ndikuwomba m'manja ndi kudzudzula okhala kumbuyo kuti sakuvomera. (Ndalemba kuti "akuti" chifukwa mbali imeneyi ndinachita kumva kwa ena.)

Titatera miyendo inakana. Anandikhazika pa njinga ija, Tamanda pamiyendo panga, bakuli lopanda kanthu m'manja mwake. Ndi mmene mwana wanga anandionera patapita zaka. Anakumbatira mwana wake akulira, kenaka anandiyang'ana m'maso monga namwino.

"Amayi, mwamwa chiyani?"

Mkamwini ananunkhiza bakuli, n'kukhala pansi ndi kuseka mpaka misozi.

Tsiku lotsatira, mutu ukundiwawa, tinaimbira asewere foni yoonana nkhope. Ndinali nditakonza mawu osamala, pakuti kunena kuti kalongonda wandizunguza kukanakhala kunena kuti sanapse, ndipo chipongwe choposa chimenecho kwa mayi wachilomwe sindikuchidziwa. Koma iwo sanafunse ine. Anafunsa mwana.

"Tamanda, unadya kalongonda wa agogo?"

"Ayi. Anadya agogo awa. Yense. Ndiye anaimba."

Ndinaona asewere akuika dzanja pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Bakuli lonse, asewere? Inu nokha? Ine amene ndinabadwira momwemo sindimaliza theka!" Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Komanso ndinauphula msanga, wakabaza ankandifulumiza. Pepani, mayi anga. Mukabwera ndidzakuphikirani wakupsa bwino."

Aka kanali koyamba kuti tiseke pamodzi.

Ndinabwerera kwathu patapita miyezi ingapo, Tamanda atazolowera makolo ake. Masiku ano asewere amabwera kwathu osayamba atumiza uthenga, amakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, ndipo amauza aliyense ku Luchenza kuti sanaonepo munthu wokonda kalongonda ngati ine. Nyengo yake ikafika, bakuli limabwera sabata iliyonse. Ndinaphunzira kuti kamba wa mwana azilongeza munthu mmodzi, ndiponso kuti lonjezo lisamathamange kuposa mimba. Kukana kokha ndiko sindinaphunzire. Ndimadya supuni ziwiri iwo akuyang'ana, nditakhala pansi, pafupi ndi khoma.