Timitengo ta Thokozani

Lolemba

Thokozani. Ndikuyamba ndi dzina lake. Mnzanga wa ku sekondale, ati mnzanga! Dzulo wanditengera kokadya ramen, chakudya cha ku Japan, ku Indianapolis, wandijambula ine ndikupempha foloko poti timitengo todyera tandikanika, n'kuposita pa gulu la kwaya. Pansi walemba: "Wakumudzi wafika." Mpaka abusa aikapo kankhope koseka.

Pulani: sabata yonseyi ndiphunzire kuno ku South Bend. Loweruka ndikadye pamaso pake ngati ndinabadwira m'bakuli.

Lachiwiri

Ndapeza kalesitilanti ka Chijapani pafupi ndi chipatala chomwe ndimagwirako ntchito. Nditangolowa, ophika onse akukuwa limodzi. Ndacheuka kuona ngati kwabwera wakuba. Kani ndi moni!

M'bakuli muli:
- zingwezingwe ngati supageti
- msuzi wambiri, woti ungachapiremo
- nkhumba kagawo kamodzi, kopyapyala ngati sopo wotsala
- dzira losapsa pakati, ndipo palibe akudandaula
- kapepala kakuda, ati ndi udzu wa m'nyanja

Udzu akuudya bwanji anthu oti ali ndi magalimoto?

Lachitatu

Timitengo. Kamodzi kagwa pansi, kena kalowa mumsuzi. Yunifolomu yonse madontho. Koma msuziwu amathiramo chiyani? Wophika akuti mafupa amawira usana ndi usiku. Magetsi ake amalipira ndani?

Lachinayi

Ndatulukira chinthu. Anthu pano akukoka zingwezo mwaphokoso, fyuuu! Bambo wa tayi, fyuuu! Kwathu ukanalandira chikoti cha pakamwa. Mtsikana woperekera zakudya akuti: "Phokoso ndiye ulemu, wophika amadziwa kuti zakoma." Ulemu? Ndayesa. Zikukomadi kuposa! Izi Thoko sakuzidziwa, amadya mwakachetechete ngati ali pamaliro.

Lachisanu

Ndikupulakitisa kunyumba. Timitengo tikukanabe, chala chatupa. Basi, ndasintha pulani. Timitengo tingothandizira, chachikulu ndi phokoso. Pamenepo ndafikapo: Chisomo, yemwe ndimakhala naye, wagogoda kufunsa ngati sinki yatsekeka.

Loweruka

Ulendo wa ku Indianapolis, njala ndaisunga dala. Ndikupeza Thoko sali yekha. Wabwera ndi azakhali ake, Mayi Gondwe, angofika kumene kuchokera ku Lilongwe. Amapemphera mpingo umodzi ndi amayi anga. Ndawapatsa moni wa manja awiri.

Apa ndikanasiya. Koma ndavutikira sabata yonse, ndisiye?

Fyuuu! Kachiwiri, fyuuu! Msuzi wadumpha mpaka pa magalasi a Mayi Gondwe. Awavula. Akupukuta magalasi pang'onopang'ono, akundiyang'ana, akuti: "Mwanawe, kuno sakukudyetsani?"

Ndikufotokoza zoti ku Japan ndi ulemu. Akuti: "Oho. Ndiye ife ndife a ku Japan?" Kenako akuitanitsa foloko mopanda manyazi, ndipo Thoko sakuwajambula. Foni ili m'manja, koma yaloza ine.

Lamulungu

Amayi aimba ndisanasambe n'komwe. "Ndamva ukudya ngati pampu. Ndi zimene unapitira ku America?" Nkhani yafika kale kwa amayi a chigwirizano, ati andipempherera Lachinayi.

Thoko watumiza uthenga: "Chemwali, pepa, koma undiphunzitse fyuuu uja." Sindikuyankha. Mwina chaka cha mawa.

Chondiwawa n'chakuti msuzi uja ndikuufunabe. Mawa ndikatuluka ku ntchito ndikadya ndekha, pampando woyang'ana khoma. Za Thokozani sindidzalankhulanso.