Denga Langa ndi Mwendo wa Akamwini

Lolemba

Mabingu kumapiri a ku Maniamba. Mvula siili patali. Denga langa likadali momwemo, dzuwa likungolowa m'nyumba ngati kwawo. Mitolo ya udzu ili kuseri chimwetereni. Mbuzi zikudya, chiswe chikuthandiza.

Wofolera ndani? Akamwini anga, bambo a Tina, amuna a mwana wanga Luwiza. Adalonjeza okha, palibe adawakakamiza. Ali kuti? Kukampu, kubwalo lamasewera kuja, kuthamangitsana ndi mpira.

Munthu wabwino, sindikana. Kunyanja amapita, nsomba pakhomo sizisowa. Koma dzuwa likangopendeka, nsapato za mpira m'manja, wapita. Tikakumana panjira amapatukira m'tchire mwaulemu wonse, ine n'kupatukira uku. Chibwerereni pamudzi pano sitinayang'anepo m'maso. Munthu wotere umukalipira bwanji?

Kugombe lero ndikuyanika usipa pathandala, amuna akusoka maukonde, nkhani ndi imodzi. Akamwini ndiwo amasewera kutsogolo m'timu ya kuno ku Chiwanga, ntchito yawo kugoletsa. Ndiye akuti sagoletsa.

ASaide, eni baraka, kagolosale ka pamudzi pano: "Mnyamata uja mutam'tsegulira chitseko cha tchalitchi kuti amenyemo, angamenye belu."

Wina: "Miyendo Mulungu adam'patsa. Maso adaiwala."

Adawapatsa ndi dzina lomwe, ati Mpakanyanja, poti mpira wawo suima pagolo. Atandiona, onse pamodzi: "Mwaswera bwanji apongozi a Mpakanyanja!"

Ine! Mayi wa mumpingo, wa yunifolomu yositasita!

Ndatsimikiza. Pofika Lamulungu:
mpira asiye,
denga akwere,
dzina limeneli lichoke pa ine.

Loweruka akuti kubwera a ku Maniamba kudzasewera. Adzasewera ndi ena. Akamwini anga adzakhala pamwamba ndi udzu.

Lachiwiri

Ndatuma Luwiza ndi uthenga. Yankho: "Akuti amva, amama." Kumva kwake, nsapato m'manja, ulendo wa kukampu.

Ndaganiza zokadzionera ndekha. Mpira sindinauonerepo chibadwire. Ku Malawi komwe tidathawira nkhondo, anyamata akamathamanga ife tinali pachitsime. Koma pokadandaula kwa akuluakulu pamafunika mawu a munthu amene waona. Ndatenga beseni ngati wopita kukachapa, ndakaima kuseri kwa mlambe kuti asandione.

Mayi wanga ine!

Ndimayesa mpira ndi kumenya n'kuthamanga basi. Ayi. Mpira ukafika pa akamwini umakhala ngati mwana wafika kwa amake. Ukubwera m'mwamba, aulandira pachifuwa, utsetsereka, ugona paphazi phee. Wina wawadzera, iwo angopendekera kumanzere, munthu uja wagwa yekha osam'khudza. Wachiwiri mpira wamudutsa pakati pa miyendo. Wachitatu wangoima, manja m'chiuno, kuonerera nawo. Kumbuyo fumbi lokhalokha. Awa ndi omwe amandithawira m'tchire aja?

Atsala ndi goloboyi. Goloboyi wagwa kale. Golo ili yasa, ng'ombe ingalowe chopingasa.

Amenya.

Mpira wakwera. Wadutsa golo, wadutsa mathandala a usipa, wadutsa ngalawa zili pamchenga, chubwi m'nyanja!

Beseni ndalipeza pansi. Lagwa liti, sindikudziwa.

Komabe denga ndi denga. Mawa kwa aProfesolo.

Lachitatu

AProfesolo ndi aphunzitsi a pasukulu yathu, ndiwonso amayendetsa timu. Ndawapeza akufufuta bolodi, choko mpaka m'tsitsi. Ndanena zanga zonse mwaulemu: awachotse, ali ndi banja, mvula ikubwera.

Akhala pansi ngati ndawauza za maliro.

"Amayi, akapanda iyeyu mpira sufika n'komwe kugolo. Akakhalapo umafika, n'kupitirira. Inuyo mungasankhe chiyani?"

Andifunsanso zimene amadya kunyumba, kaya mwina vuto ndi chinangwa. Ndatsazika.

Pobwerera ndadzera pabaraka ya aSaide kugula mchere. Pabenchi padzaza, wailesi ikulira yokha, palibe akuimvera. Aliyense akudziwa matenda a akamwini anga:

akuti amatsinzina pomenya,
akuti mapazi adakula kuposa golo,
akuti adazolowera kuponya khoka kutali,
akuti pali wina wa ku Meluluka adakwirira kanthu pansi pa golo,
akuti ndi mtima wachifundo, amamvera chisoni goloboyi.

Mkulu wina wa chipewa chong'ambika akuti iye amabwera kukampu chifukwa cha kuphonyako. "Kugoletsa aliyense amagoletsa. Koma kuphonya pamene paja! Pamafunika mphatso."

ASaide: "Mphatso yanji? Ine ndi mimba yangayi ndikanagoletsa."

Pamenepo ndamva mawu a mzimayi akufunsa mokweza: "Inu aSaide, mudaulandirapo mpira pachifuwa? Chifuwa chanucho sichimangolandira nyenyeswa za mandasi?"

Mzimayiyo ndine.

Ndabwerako wopanda mchere.

Lachinayi

Msonkhano wa amayi kutchalitchi. Apa ndiye pothandizika. Ndanong'oneza amayi a Zeka, amene amatsogolera pemphero, kuti aikemo akamwini anga ndi nkhani ya mpira. Agwedeza mutu, akuti amvetsa.

Sanamvetse.

"Ambuye, muongole mwendo wa mwana wanu bambo a Tina, kuti Loweruka likubwerali mpira ulowe pamene uyenera kulowa, a ku Maniamba abwerere ndi manyazi."

Amayi onse: "Amen!" Ine ndemwe. Mwinanso wanga ndiye unamveka kwambiri.

Ndikanatha kuwakonza. Koma pemphero ukalipereka umalibweza bwanji?

Madzulo ndapezeka kuseri kwa mlambe, yunifolomu ili m'thupi. Ndimangodutsa.

Lero ndaona munthu akuuluka. Mpira wachokera kungodya, anthu aunjikana pagolo akukankhana, akamwini adumpha. Anzawo adumpha nawo n'kutsika, iwo akadali m'mwamba, ngati nkhwazi isanatole nsomba. Ndaona thambo pansi pa mapazi awo, ndi maso angawa! Mutu wakumana ndi mpira, phaa! Goloboyi panalibe n'komwe, anapita kukamwa madzi. Mpira wagunda mtengo wa kumanja, wayenda pamzere ngati ukuganiza, wagunda mtengo wa kumanzere, watuluka.

Mkulu wa chipewa chong'ambika uja wavula chipewa, wachigwira pamtima.

Akamwini angoima, akuyang'ana kumwamba. Kenako aseka pang'ono n'kuthamangira mpira wina. Mtima umenewo adaupeza kuti? Ine nditaphonya kotero ndingasamuke mudzi.

Lachisanu

Masana kwawaza. Pang'ono pokha, koma m'nyumba mwanga yagwa yambiri kuposa panja. Ufa wanyowa mbali imodzi, buku la nyimbo latupa. Mkwiyo wabwerera wonse. Zabwino! Ndimaufuna.

Akamwini akugona, Luwiza ali kumadzi. Nsapato za mpira zili pakhonde pawo. Ndazitenga, ndaziika pansi pa makaka a chinangwa m'dengu, ndavindikira ndi lichero. Tione ngati apita.

Apita. Osavala nsapato.

Sindikanayenera kutsatira. Ndatsatira.

Opanda nsapato ndiye akuposa masiku onse! Zala zikugwira mpira ngati manja. Ausiya kumbuyo, autenganso ndi chidendene, audutsitsa pamutu pa munthu, akaulandira uko. AProfesolo aiwala kuimba wenzulo. Amayi ochokera kumunda atula mitolo ya nkhuni. Kuphonya aphonya ndithu, kangapo konse, kamodzi mpira wakagwera m'khola la nkhumba. Koma pobwerera ndaona akutsimphina, chala chachikulu chikuchucha magazi, ndipo sanafunse munthu za nsapato.

Pakhomo panga ndapeza kampango wamkulu m'mbale, wopala kale. Luwiza: "Akuti pepani za ufa, amama. Akuti Lolemba akwera."

Ndavundukula dengu. Nsapato zake zomvetsa chisoni: yakumanja yayasama kutsogolo, adaimanga ndi ulusi wa ukonde, mfundo zake za asodzi. Mwina n'chifukwa chake mpira umakwera? Ndatenga singano yaikulu ndi ulusi wa thumba. Ndasoka, ndapukuta ufa wa makaka, ndapaka mafuta.

Ndapatsa Luwiza. Ndamuuza kuti galu ndiye anazitenga. Wandiyang'ana, wayang'ana msoko, wanyamula nsapato n'kumapita.

Loweruka

A ku Maniamba afika pa lole, akuimba, ng'oma pamwamba. Anthu! Ena pa njinga, ena wapansi, ena pa boti kuchokera ku Meluluka. Mayi wina wandifunsa: "Mpakanyanja ndi uti? Tabwerera iyeyo." Ndamulozera. Sindinamuuze kuti ndine ndani, koma chala changa chinanyada.

Kuseri kwa mlambe kwadzaza kale, palibe pobisala. Ndaima kumbuyo kwa amayi a Zeka, chitenje kumutu.

Zimene ndaona lero ndidzafa nazo. A ku Maniamba aika anthu atatu pa akamwini, atatuwo akungogundana okhaokha. Wina mpaka wagwira malaya, malaya atsala m'manja, mwini wake wapita. Kampu yonse ikuimirira akangokhudza mpira. Amenya, pamwamba. Amenya, pambali. Amenya, wagunda goloboyi kumsana akuthawa. Nthawi iliyonse anthu manja kumutu, "Aaaa!", kenako kuwomba m'manja. ASaide omwe akulumpha, mimba ikulumpha payokha.

A ku Maniamba agoletsa chimodzi. Chonyansa. Mpira wangogunda bondo la munthu amene amayang'ana kwina, wagubuduka, walowa. Chimenecho n'chigoli? Akuti inde.

Nthawi yatsala pang'ono. Akamwini autenga pakati pa kampu. Adutsa woyamba, wachiwiri, onse. Goloboyi watuluka, am'zungulira, wagwa chagada. Mpira ukuyenda wokha kulowera kugolo, iwo pambuyo. Chatsala n'kuukhudza basi, ngakhale Tina angaukankhe.

Sindikudziwa ndafika bwanji pamzere. Chitenje cha kumutu kulibe.

"Barnaba! Menya iwe, menya!"

Dzina limene sindinalitchulepo chiyambire. Ndi "iwe" pamwamba. Pamaso pa Chiwanga yense, Maniamba ndi Meluluka.

Amva. Atukula mutu, maso athu akumana. Aweramitsa nkhope msangamsanga, dzanja pachifuwa, bondo lapindika mwaulemu, mwendo winawo ukumenya.

Mpira wanyamuka pansi penipeni pa mtengo wopingasa, wakwera choongoka, wadutsa pamwamba.

Palibe wafuula. Osewera a ku Maniamba abwera kudzaona pamalopo, akuyeza ndi mapazi, akuyang'ana mtengo, akupukusa mitu. Goloboyi wawo wagwira akamwini chanza ndi manja awiri.

Wenzulo yalira. Taluza.

Kwa nthawi yoyamba pabenchi ya aSaide agwirizana chimodzi: "Apongozi ndiwo aphonyetsa." AProfesolo okha andipeza panjira. "Musadandaule amayi. Akanaphonyabe."

Kaya kumeneko n'kutonthoza.

Lamulungu

Ku Misa ndakhala kumbuyo. Poimba, amayi a Zeka akundigunda ndi chigongono, akuti mawu ndili nawo, bwanji sindilowa kwaya. Ana panja akuyeserera: "Menya iwe, menya!" Ndayenda ngati sindikumva.

Masana ndili pamphasa ndikusankha nyemba, Luwiza wabwera, wagwada. Akamwini akhala patali pambali pa nkhokwe, nkhope kuloza kunyanja, chala chomanga nsanza.

"Akuti amama, achita manyazi okwana. Akuti mpira asiya. Nsapato apatsa mng'ono wawo. Mawa m'mawa akwera denga, ndipo kukampu sapondakonso."

Ndi zimenezotu. Zonse zimene ndimafuna, zabwera zokha pamphasa panga, tsiku lake lomwelo.

Ndayang'ana nyemba. Ndayang'ana msana wa akamwini, wakugwa ngati wa munthu wobwera kumanda. Ndaganiza za kampu ija madzulo, mpira ukungogundana ndi maondo a anthu wamba, wopanda woulandira.

"Uwauze kuti asandinyoze. Nsapato zimenezo ndasoka ndine, sindinasokere mng'ono wawo. Denga akwere m'mawa ngati mpata ulipo. Madzulo apite kumene amapita."

Luwiza wapita, wanena, wabwerera akudziluma milomo.

"Akuti zikomo kwambiri. Koma akuti mawa m'mawa aProfesolo awaitana kukaphunzira kumenya mapenati. Mwina mkucha."

Mkucha. Chabwino.

Kumapiri kwada bii. Ndasunthira ufa, mphasa ndi buku la nyimbo kungodya yosadontha, ndatchera mabeseni onse ndi mphika waukulu. Amayi a Zeka andibwereka pepala la pulasitiki, lili ndi mabowo akeake.

Luwiza wabweranso kachitatu. Akuti sabata yamawa timu ikupita ku Meluluka, ndipo akamwini apempha chinthu chimodzi: ngati ndingapite, ndikaime patali, ndikakhale chete.

Zoima patali ndavomera. Zinazo ndamuuza kuti sindinamve bwino, kunali mabingu.