Kwa Bwana Amene Anandilemba Ntchito ya Umzukwa

Makause, Okotobala 1996

Kwa Bwana Wamkulu wosamala mgodi wakale wa ku Primrose,

Ndagwada, Bwana, ine Ismaili wa ku Machinga, kuthokoza ntchito munandipatsa. Anzanga kuno ku Joni amatchetcha kapinga, ena amalondera ndi chibonga. Ine ndekha munandikweza kukhala gositi, mzukwa wachizungu.

Poyamba, zikomo pa maphunziro. Kwathu mzukwa umavala zomwe unafa nazo, ndipo ukabwera umakhala ndi mlandu weniweni. Inu munanditsegula maso kuti wachizungu umafunda nsalu yapabedi, umadzola ufa, nkumangolira huuu popanda chifukwa, bola anthu asamasule malata a kampani. Munati mlonda amafuna nsapato ndi yunifolomu, koma gositi safuna kanthu. Nzeru zotere sizipezeka pa msika.

Chachiwiri, ntchito ikuyenda mochita kunyanya. Akuba anasiya, agalu anasiya, ngakhale apolisi amadutsa chothamanga. Sabata yatha kunabwera sangoma, sing'anga wa ku Vosloorus, nkundiwaza madzi onunkha. Ndinayetsemula, iye nkutaya mkanda wake pothawa, ndipo mpaka lero ndikumusungira.

Chachitatu ndiye chandilembetsa. Douglas, dalaivala amene amatinyamulira katundu wopita kumudzi, anabwera kudzandifuna dzuwa litapendeka, nkundipeza nditavala kale zantchito. Ndinamuitana ndi dzina lake, ndipo kumeneko ndiye kunali kuthira mafuta pamoto. Mwana wa munthu anathawa, nkukaimira ku Machinga. Kumeneko analumbira kuti Ismaili anafera mumgodi, wamuona yekha ali mbuu. Abale anandichitira sadaka, mbuzi yanga yomwe nkudya. Mkazi wanga Tabu akumaliza eda, nthawi imene namfedwa amakhala m'nyumba, ndipo mwini chigayo wa pa Ntaja wayamba kale kupereka moni kwa apongozi anga.

Ndinalemba kalata, anakaitaya kumanda. Ndinatumiza chithunzi, anati akufa ndiye amaoneka bwino chomwechi. Ndinatumiza bulangete, limenelo analandira.

Ndikuseka, Bwana, koma mtima ukuwawa. Tabu ndimamukonda. Nditapempha tchuthi munati gositi sapita kutchuthi, chifukwa malata angadziwe.

Choncho ndikupempha modzichepetsa masabata awiri okha, ndikaime pakhomo masana, anthu andikhudze, andione ndikudya. Ntchito siima ayi. Inuyo mungaigwire bwino kuposa ine, pakuti anthu amakuthawani kale osavala kanthu kapadera.

Zikakanika, sindilimbana nanu. Ndingopempha kuti mwezi wamawa mukwere basi ya ku Malawi, mukakhale ankhoswe pa ukwati wa mkazi wanga, popeza ndinu amene mwaukonza.

Ine wanu womvera,
Malemu Ismaili